Kalesitilanti kopanda chikwangwani ku Ginnery Corner, koma ndimatulukamo mtima uli mbee

Anthu akamafunsana kuti malo abwino odyera lanchi mu Blantyre muno ndi ati mayankho amakhala omwewomwewo, pita ku Chichiri, pita mu Victoria Avenue, pita ku Namiwawa kapena ku Sunnyside kuli mipando yawofuwofu ndi anyamata operekera zakudya ovala yunifolomu. Sindikutsutsa ayi, malo amenewo ndi okongola ndithu ndipo amene ali nazo ndalama azipita. Koma ine ndikufuna ndikuuzeni za kamalo kena kamene sindinakaonepo pa chithunzi cha munthu aliyense pa Facebook, ndipo ndi kamene ine ndimati kabwino ndi mtima wanga wonse.

Kali ku Ginnery Corner, mbali yomwe kuli magalaja ndi anyamata owotcherera zitsulo, ukatsika minibasi mu Chipembere Highway umayenda pang'ono kulowa mkati. Chikwangwani palibe, anthu amangoti tiye kwa mayi aja ndipo aliyense wa dera limenelo amadziwa kumene ukunena. Ndi kashedi ka malata ndi matabwa basi, pansi anathira simenti koma inayamba kale kukumbika, mabenchi ataliatali, pa matebulo anayala pulasitiki wamaluwamaluwa uja amagulitsa mumsika wa Limbe. Khitchini ili kuseri koma siyobisika, ukakhala pa benchi yakumapeto umaona zonse, mbaula zikuluzikulu, mapoto akuda bii, mtsikana akusadzula nkhwani, mayiwo mthiko uli m'manja thukuta lili kamukamu. Ine zimenezi ndimazikonda, chakudya chimene ukuona mmene chikuphikidwira umachidya mtima uli m'malo.

Choyamba kukulandira ndi madzi osamba m'manja. Pakhomo pali ndowa ya mpopi ndi sopo, ndipo siyongoonetsera anthu a zaumoyo ayi, mayiwo amayang'ana ndithu, ukangodutsa osasamba umamva "achimwene, m'manjamo kaye". Anayamba kulimbikira chonchi nthawi ya kolera ija ya 2022 mpaka 2023, imene inavuta zedi moti mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa, ndipo mpaka pano sanasiye ngakhale malo ena anabwerera kale ku beseni limodzi losambamo gulu lonse. Koma chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi cha mu Juni ndi Julaye, chiperoni chikatsika, nkhungu itaphimba phiri la Soche lonse osaoneka, kamvula kowaza kosatha kaja, zala zitauma gwaa. Masiku amenewo madzi a mundowa muja amakhala ofunda. Palibe amalipira madzi ofundawo, ndipo akanakhala ozizira palibe akanadandaula, koma munthu wina anaganiza kuti makaniko amene wakhala akugwira zitsulo zozizira kuyambira 7 koloko m'mawa manja ake afunde kaye asanatseme nsima. Muone mmene azibambo amachedwera pandowa paja, kusisita manja pang'onopang'ono, nkhope zikumasuka.

Nsima yake nde ndi nkhani ina. Amaphika mitundu iwiri, yoyera ndi ya mgaiwa, ndipo amakufunsa kuti mukufuna iti. Ya mgaiwa ndi imene imayamba kutha chifukwa anyamata a ntchito zolemetsa amati imakhalitsa m'mimba mpaka kuweruka, zomwe ndi zoona, chimanga chake sichikonoledwa nde gaga yense amakhala momwemo. Ine ndimakonda yoyera, ya ufa woviika bwino uja wokhala ndi kafungo kowawasa pang'ono, ndipo ya pamenepa imakhala yakupsa, yopanda timibulu ta ufa, yosamata m'manja, ukaiumba imamvera. Phala amalisiya lithakathe nthawi yokwanira asanayambe kuvundula, sathamangira ngakhale mzere utalike bwanji, ndinamvapo kasitomala wina akukuwa kuti mayi tachedwatu ife, iwo anangoyankha kuti "mukufuna ndikupatseni yaiwisi mukadwale, bambo? Dikirani pang'ono". Bamboyo anaseka nakhala pansi.

Ndiwo zimatengera nyengo, ndipo zamasamba ndi zimene amazidziwa koposa. Nkhwani wotendera wa pamenepa nsinjiro samana, amakhala wolemera, wobiriwira, osati wophikitsitsa mpaka kuda. Mpiru, chayinizi, bonongwe, chisoso nthawi ya dzinja, therere lobala, kholowa, ndipo chilimwe chikafika pachimake masamba atadula amatulutsa mfutso. Masamba ndi tomato ambiri amakatenga kwa amayi ochokera ku Bvumbwe, mbandakucha. Cha mu Julaye ndi Ogasiti nandolo wamuwisi akayamba kufika kuchokera ku Thyolo, Chiradzulu ndi Mulanje, abale, musaphonye, amamuphika ndi tomato ndi anyezi basi koma umanyambita zala. Nyemba zilipo tsiku lililonse ndipo zimapsa mpaka msuzi wake kukhala phalaphala. Usipa wokazinga, utaka, matemba aku Chilwa akapezeka, mlamba wowamba wa kumunsi ku Chikwawa ndi Nsanje, nkhuku ya lokolo masiku ena, zamkati za mbuzi, mang'ina Lachisanu. Pa tebulo lililonse pali kabotolo ka kambuzi wosinja yekha, wonunkhira koma samalani, amaluma zenizeni. Ya ng'ombe ndinene chilungamo siyapadera, nthawi zina imalimba ndipo mafuta amachuluka, ndikupangirani mutenge nsomba kapena lokolo.

Pa nsomba pomwepa ndi pamene ndinayamba kuwapatsa ulemu mayiwa. Tonse tikudziwa kuti chambo chenicheni cha ku Mangochi chinadula ndipo chinachepa, ndipo kumapeto kwa chaka nyanja amaitseka kuti nsomba ziswane, nde malo ambiri amakazinga makumba a m'madamu nkumakuuza kuti ndi chambo, mtengo nkukhala wa chambo. Apa ayi. Ukafunsa kuti chambo chilipo amakuuza poyera kuti "lero ndi makumba achimwene, chambo sindinachipeze, mudya?" ndipo mtengo wake umakhala wotsika. Ndiwo zikakhala zotsala dzulo zomwe angotenthetsa amanenanso, "nyembazi ndi zadzulo, zili bwino koma ndikuuzeniretu". Palibe amene akanadziwa, nsomba ikakazingidwa nkuthiridwa tomato ndi angati angasiyanitse, koma iwo amanena basi. Mtsikana wina wowathandiza anandiuza kuti mayiwo amawauza kuti ndalama yonamizira munthu siikhala mthumba.

Ndakhala ndikuganiza kuti kodi tikamati malo ndi abwino kapena munthu ndi wabwino timatanthauza chani kwenikweni, chifukwa mtauni muno timafulumira kutamanda munthu amene watimwetulira pamene tili ndi ndalama. Kumwetulira kwa kasitomala wa ndalama aliyense amatha, ndi bizinesi imene. Ine ndimayang'ana mmene malo amachitira ndi munthu amene alibe chowabwezera, amene sadzabweranso, amene ngakhale atamuchitira mwano alibe kokadandaula. Ndipo pamenepa ndi pomwe kalesitilanti aka kamaposa malo ambiri odula amene ndinadyako.

Onani chipande. Nthawi ya lanchi pamabwera anthu amitundumitundu, a m'maofesi ovala tayi, anamwino, ana asukulu aku Poly komwe pano akuti MUBAS, ma gadi, anyamata a kabaza, onyamula katundu a malaya ong'ambika paphewa. Mtanda wa nsima ndi umodzimodzi kwa onsewa, ndipo amene wayamba kufika ndi amene amayamba kulandira. Ndinaona bambo wina atatsika galimoto yapamwamba nkumalankhula ali chiimire kuti amupangire msanga akuthamangira miting'i, mayiwo mwaulemu wonse anati "pepani bwana, anawa anayamba ndi iwo, mukhale apa sindichedwa". Anawo anali anyamata awiri otola mabotolo. Bwanayo sanakondwe poyamba koma anakhala, anadya, ndipo masiku ano ndimamuonabe akubwera. Ndipo basela akakhalapo amapita kwa amene akuoneka kuti njala yamupweteka, kamtanda kowonjezera, msuzi wambiri, mwakachetechete osalengeza kuti gulu limve.

Malowa ali pafupi ndi Queens, chipatala chachikulu chija chomwe chinatsegulidwa mu 1958 ndipo chimalandira odwala otumizidwa kuchokera m'maboma ambiri a kummwera kuno, Nsanje, Chikwawa, Mwanza, Mulanje, Phalombe. Nde pamabweranso ma gadiyani, anthu odikirira matenda, ndipo amadziwika ukangowaona, chitenje chomwechomwecho masiku angapo, maso ofiira ndi tulo, kandalama kali pamfundo ya nsalu. Tsiku lina ndinakhala moyang'anizana ndi agogo ena aakazi, anamasula mfundo ija nkuyamba kuwerenga timandalama tamapepala tofwifwa, kubwereza, kubwerezanso, kenako anafunsa chapansipansi kuti nsima yokha yopanda ndiwo ndi zingati. Mayi aja anali akudutsa ndi mbale, anaima, anawerama pafupi ndi khutu lawo nkuti "anganga, mangani ndalamazo, mwabwera ndi ndani kuchipatalaku?" Anati ndi mdzukulu. Posakhalitsa panabwera mbale ya nsima, nyemba ndi nkhwani, ndi kapu ya madzi. Agogowo atamaliza anawaikiranso phala la mgaiwa lothira nsinjiro m'kakontena kuti akapatse wodwalayo, "mukampatse akadali lotentha, ndipo mawa mubwere ndi kontenayi". Agogo aja anaomba m'manja atagwada pang'ono, mayiwo anali atabwerera kale ku mapoto awo. Ine nsima inandikanika kaye kumeza.

Musaganize kuti ndi anthu olemera. Zinthu zinadula tonse tikudziwa, kwacha anaigwetsa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mafuta ophikira, ufa, makala, sopo, zonse zinakwera, K5,000 ija yomwe inatuluka mu 2022 tikumaiona yayikulu pano imangosungunuka m'manja. Iwonso mitengo anakweza, sakanachitira mwina, nchifukwa chake sindikulemba mtengo pano poti umasinthasintha, koma mbale ya nsima ndi ndiwo ziwiri ndi yotchipa kwambiri kuposa chipisi ndi nkhuku ya m'malo a magalasi aja. Chimene ndimayamikira nchoti akakweza amanena, ndipo mtanda sachepetsa mobera. Ena amasiya mtengo pomwepo nkumakupatsa kansima koti ukangotsema kawiri katha ndi msuzi wamadzi ngati wa ku sukulu yogonera konko. Palinso kope lija la ngongole, la chikuto chothimbirira ndi mafuta, momwe amalemba anyamata a m'magalaja kuti adzalipire pakutha pa mwezi. Ena amathawa nazo ndithu, ndinamva mayiwo akudandaula za mnyamata wina amene anasowa, koma kopelo sanalitseke. Anangoti "ndikatseka chifukwa cha mmodzi, enawa adya kuti?"

Nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023, pamene matope ndi miyala zinatsika mphiri la Soche nkukokolola nyumba ku Chilobwe, anthu anali piringupiringu kuzungulira chipatala kufunafuna abale awo. Mvula inali isakusiya, makala onyowa, makasitomala a masiku onse kulibe. Mayiwa anatsegulabe, anaphika phala ndi tiyi, ndipo amene analibe ndalama ankamwa choncho. Izi iwo sanenapo, anandiuza ndi owotcherera zitsulo oyandikana nawo amene anawathandiza kutunga madzi masiku amenewo.

Koma musaone ngati ndi malo achisoni, ayi ndithu, pamenepa pamakhala chimwemwe chenicheni ndipo ndi chifukwa china chimene ndimapitirako. Kawayilesi kali pa shelefu kamangolira, ndipo Lolemba lililonse pambuyo pa mpira pa Kamuzu Stadium, makamaka Bullets ikakumana ndi Wanderers, benchi imagawanika yokha, a Maule uku a Manoma uku, "neba wadya zingati dzulo?" kuseka mpaka ena kutsamwa ndi minga ya usipa. Mayiwo sachemerera timu iliyonse, amangoti amene waluza lero ndimuonjezera msuzi atonthole. Munthu wa tayi ndi wa ovolosi amapatsirana mchere ndi tsabola, amakambirana za mtengo wa feteleza, za mvula, za minibasi zomwe zakweranso, ndipo kwa mphindi zimenezo palibe bwana palibe wantchito. Mumzinda muno munthu umatha kuyenda kuchoka ku Machinjiri kapena ku Bangwe mpaka mtauni, kupanikizana mu minibasi, kugwira ntchito tsiku lonse, osamva ndi mmodzi yemwe akukufunsa kuti mwadzuka bwanji ndi mtima woona. Apa ukasowa masiku angapo amakufunsa, "achimwene munasowatu, kunyumba kuli bwino? Ana ali bwanji?" ndipo amadikira yankho. Ine chisangalalo changa cha pakati pa sabata ndi chimenechi, nsima yotentha, nkhwani, phokoso la anthu okhuta, ndipo ndikamabwerera ku ntchito mavuto amakhala alipobe koma ndimakhala nditapepukidwa.

Zofooka zilipo ndipo ndizinene kuti musakakhumudwe. Malo ndi ochepa kwambiri, pakati pa 12 ndi 1 koloko umatha kuima ndi mbale m'manja kudikira wina anyamuke. Utsi umalowa mkati mphepo ikatembenuka, ngati mwavala zoyera kapena mukupita ku intavyu mukanunkha khitchini. Mu Okutobala ndi Novembala malata aja amatentha koopsa ndipo ntchentche zimavuta ngakhale amayesetsa kuvindikira zakudya ndi kupukuta matebulo. Dzinja kanjira kolowera kamakhala matope okhaokha ndipo denga limadontha pakona imodzi. Chimbudzi chili patali ndipo ndi chogwiritsa ntchito anthu ambiri a dera limenelo, chimenechi nde chimafunika kukonza ndithu. Madzi akasiya m'mipopi amachita kugula a m'zigubu nde chakudya chimachedwa. Fuliji palibe, amene amafuna chakumwa chozizira kwambiri akagule pa okala yapafupi, pano pali madzi ndi thobwa basi, thobwa lake la mawere labwino zedi koma limatha msanga.

Pali zinthu ziwiri zimene zimandivuta mumtima ndipo sindingazibise chifukwa choti ndimawakonda mayiwa. Choyamba ndi majumbo. Anthu otenga chakudya kupita nacho amawakulungira nsima yotentha m'timapulasitiki topyapyala tija, tomwe boma linaletsa kale mu 2015 koma tili mbwee paliponse, ndipo timathera m'ngalande ndi mumtsinje wa Mudi. Nsima yamoto mu pulasitiki ineyo sindigwirizana nazo. Ndinawauza, anati akudziwa koma makontena otaya aja ndi odula ndipo akawonjezera mtengo anyamata a ganyu sangakwanitse. Chachiwiri ndi makala. Ukaima panja pa shedi ija nkuyang'ana phiri la Ndirande uona lili mbee lopanda mitengo, Michiru nayenso akumetedwa tikuona, ndipo matumba a makala amene amalowa mtauni pa njinga kuchokera mbali za Neno ndi Mwanza ena amathera pa mbaula zomwezi zimene zikutiphikira nsima yokomayi. Madzi ofunda aja ndimawatamawa amafundanso ndi makala omwewo. Gasi ndi wodula kuyamba naye, magetsi pashedi palibe, nde sindingawaloze chala mayi amene akungofuna kudyetsa ana ake ndi ana a eni, koma sindinganamenso kuti zonse zili bwino. Ndinawatchulira za mbaula zosatha makala ambiri ndi makala opangidwa ndi zinyalala aja, anati akapeza kandalama ayesa mbaula imodzi kaye aone ngati nsima ingapse mofanana. Ndikufunitsitsa atayesadi, ndipo ife amene timadya pamenepa tikhoza kusonkherana nkuwagulira, ndayamba kale kuwanong'oneza anzanga a pa benchi.

Ngati mukufuna kukayesa, fikani isanakwane 12 kapena dikirani cha m'ma hafu pasiti 1, koma dziwani kuti mukachedwa kwambiri lokolo ndi nsomba mupeza zatha mwatsala ndi nyemba ndi masamba, zomwenso sizoipa. Tengani ndalama zosinthasintha chifukwa chenji chimavuta, Airtel Money ndi Mpamba amalandira pa foni ya mtsikana wawo koma nthawi ya lanchi aliyense manja amakhala ali ku mbale nde mudikira. Ngati mukutenga chakudya kupita nacho ku ofesi nyamulani kontena yanu, amakondwa nazo ndipo amakudzazirani bwino. Mukapeza gadiyani akuwerenga timandalama pambali panu ndipo inu muli nako kangachepe, mukhoza kuwauza mayiwo chapansipansi kuti mbale ya awo ndilipira ine, amadziwa kuchita zimenezi popanda kumuchititsa munthu manyazi. Loweruka amatseka cha m'ma 2 koloko, Lamulungu satsegula.